Zobiriwira Mkati mwa Zakuda

Rifka anali mlamu wanga, mkazi wa malemu mlongo wanga Zakhari, ndipo ndinene poyambirira pomwe kuti sindinamukonde tsiku limene anafika pakhomo pathu. Anachokera kumudzi wa kutsidya kwa ngalande. Anali wamfupi, wa manja akuluakulu, ndipo ankaseka mano onse pamtunda ngakhale pamaso pa apongozi ake. Ine ndine Wadida, woyamba kubadwa m'banja mwathu. M'mudzi mwathu muno, kumtunda kwa mzinda wa Asyut, mwambo ukasokonekera amaitana ine. Ndimadziwa kuti pakhomo pa maliro sasonkha moto masiku atatu, kuti khofi wa pamaliro sathira shuga, ndiponso amene ayenera kukhala kumanja kwa namfedwa. Nyumba yanga ndi ya Rifka zinagundana khoma, ndipo padenga, pamene akazife timagwirira theka la ntchito zathu, tinkalekana ndi kachipupa kofika m'chiuno. Zaka makumi atatu ndinamuonera pa kachipupa kameneko, ndipo zambiri zimene ndikusimbazi ndinazimvera pomwepo.

Zakhari anamwalira ndi matenda a chiwindi, amene atha amuna ambiri oima m'madzi a ngalande pothirira. Anasiya kamunda, mkazi, ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zisanu ndi zitatu, dzina lake Febronia. Rifka anavala zakuda monga aliyense. Kwathu kuno mkazi wamasiye savula zakuda chaka chikatha ngati a m'tauni. Amadikira ukwati wa mwana wake wamwamuna, ndipo tsiku limenelo ndi pamene amavala zamaluwa n'kuimba nthungululu yake yoyamba. Wopanda mwana wamwamuna amalowa nazo m'manda.

Pa tsiku la makumi anayi, titabwera kutchalitchi, amayi ena anayamba kumulirira Rifka chifukwa cha zimenezi. Ankati tsoka lake ndi lapawiri, mtsikana wa zaka makumi atatu kusanduka khwangwala mpaka imfa. Rifka anawamvetsera, kenako anakoka Febronia n'kumuimika pakati pa miyendo yake.

"Musandilirire, amayi inu. Wamwamuna ndilibe, koma ndili ndi uyu. Tsiku limene adzavale chipewa cha ku yunivesite ine ndidzavula zakudazi, ndipo nthungululu yanga mudzaimvera konkuno ine ndili ku Asyut."

Amayi anayang'anizana. Febronia anali ndi mamina mpaka pamlomo, ndipo m'mudzi monse munalibe mtsikana amene anaionako yunivesite. Ine ndinapsa mtima. Mlongo wanga anali atangotha masiku makumi anayi m'manda, mkazi wake akuganiza kale za nthungululu.

Ntchito ya Rifka inali mkate wa padzuwa. Ankakanda ufa kusanatenthe, n'kuumba mikate yozungulira, uliwonse pa kathabwa kake, kenako n'kukwera nayo padenga kuti dzuwa liifufumitse. Ikafufuma ankaitsina m'mbali zinayi kuti ituluke ngati mtanda, monga timachitira Akhristufe, koma ya anansi athu achisilamu ankaitsina mbali zitatu, ndipo sanasokonezepo. Uvuni yake yadothi inali pangodya ya denga. Mikono yake inali ndi zipsera kuyambira padzanja mpaka pachigongono, zatsopano pamwamba pa zakale. Aphunzitsi a pasukulu ndi anthu opita ku Cairo ankaitanitsa mkate kwa iye. Unkaposa wanga, ndivomereze, ngakhale iye sindinamuuzepo.

Rifka sanapiteko kusukulu. Dzina lake ankalemba ndi chala chachikulu. Koma masana aliwonse Febronia ankakhala pa chidebe chovundikira pambali pa uvuni n'kumawerenga mokweza zonse zimene waphunzira, mayi ake akugwira ntchito. Mwana akadodoma pang'ono, Rifka ankangoti, "Bwereza." Ndinamufunsa tsiku lina kuti amadziwa bwanji kuti mwana walakwitsa pamene iye sadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Anati yankho salidziwa, koma mawu a munthu amene akungoyerekeza amawadziwa, chifukwa anakhala zaka khumi ndi ziwiri ndi mlongo wanga. M'mawa wa mayeso ankaviika chala m'mafuta a kanyali koyaka patsogolo pa chithunzi cha Maria Virigo, n'kulemba mtanda pamphumi pa mwana, padzanja lamanja, ndi pacholembera. Mapepala a mayeso a Febronia ayenera kuti onse anali ndi dontho la mafuta.

Febronia atafika zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anakhoza mayeso a sekondale moti dzina lake analitchula kutchalitchi. Ine ndinali ndi maganizo ena. Mwana wanga Ayad anali atakula, ndipo munda wa Zakhari unagundana malire ndi wathu. Msuweni kukwatira msuweni wake si zachilendo, munda umakhala pamtundu. Ine ndi mwamuna wanga Labib tinanyamula bokosi la maswiti n'kukagogoda kwa Rifka. Anatilandira bwino, anatiphikira tiyi wakuda bii, anamva zonse. Kenako anati Ayad ndi mwana wabwino, koma adikire zaka zisanu kuti Febronia amalize maphunziro a zamankhwala.

"Zaka zisanu?" ndinatero. "Kodi tikudzala mango?"

"Mango amatenga nthawi yoposa pamenepo, alamu, koma mumadya."

Labib anaseka, ndipo kuseka kwakeko kunandiwawa kuposa yankho. Tinabwerera ndi maswiti athu anthu akuona. Ayad sanadikire ngakhale chaka. Anatenga mtsikana wa mbali ya kumsika amene mpaka lero amandiyankha nsana uli kwa ine. Nthawi iliyonse mpongozi wangayo akamenyetsa chitseko, ndinkakumbukira tiyi wa Rifka. Sindinakambenso nkhaniyo, koma ndinaisunga.

M'chaka chachiwiri cha ku yunivesite Febronia analakwa phunziro limodzi. Anabwera ndi chikwama chake chonse, nati basi, sabwereranso. Ankati atsikana a m'tauni amamuseka kalankhulidwe kakumudzi, amati malaya ake amanunkha utsi. Ine kuseri kwa kachipupa mtima unangoti myaa, Mulungu andikhululukire. Ndinkadikira kumva kulira kapena kukalipa, koma Rifka anangoti, "Chabwino, mwanawe. Ndiye kuti ndapeza wondithandiza." Masiku atatu athunthu, m'mwezi wa Julaye, Febronia anakwera ndi kutsika masitepe atasenza matabwa a mikate, nkhope ili pamoto wa uvuni. Mayi ake sanatchulepo za sukulu. Tsiku lachinayi mwana anakhala pansi padenga n'kuyamba kulira, ndipo apo m'pamene Rifka anayankhula.

"Ntchito iyi si yochititsa manyazi, yatidyetsa. Koma mvera. Bambo ako akudwala, adokotala ankandipatsa mapepala ndi mabotolo. Ankafotokoza mofulumira, ine n'kumangovomera. Kunyumba ndinkawapatsa mapiritsi potengera mtundu, ofiira m'mawa, oyera madzulo. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinkawapatsa bwino. Mapepalawo ndinasunga. Pita ukaphunzire, udzandiwerengere."

Ine zimenezi sindinkazidziwa, ndipo ndinatsika padenga mwakachetechete kusiya zovala zanga pachingwe. M'mawa mwake Febronia anakwera minibasi. Patapita zaka ziwiri anawerengadi mapepala aja, nauza mayi ake kuti sanalakwitse chilichonse, chiwindi chinali chitatha kale. Kaya zinali zoona kaya anangowatonthoza, sindikudziwa. Rifka tsiku limenelo anagawa mikate yonse mumsewu wathu kwaulere.

Mlungu womwe Febronia anabwerera kusukulu uja, Rifka anapita kumsika wa Lachiwiri n'kugula nsalu. Anandionetsera pa kachipupa, atayang'ana uku ndi uku ngati wakuba. Inali yobiriwira ngati msipu wa m'minda yathu yothirira m'nyengo yozizira, yonyezimira pang'ono. Ndinamuuza kuti umenewo ndi mtundu wa atsikana, kuti mkazi wa msinkhu wake akanagula yabuluu yoderako. Anati zoderako wavala zokwanira. Anaikulunga m'pepala n'kuiika pansi penipeni pa bokosi la zovala. Kuyambira pamenepo moyo wake wonse unaloza tsiku limodzi. Nkhuku zake anazitcha mayina a mankhwala amene ankamva mwana akuloweza. Kunali Asipirini, kunali Penisilini, ndipo Penisilini tinamudya pa Pasaka.

Chaka chomaliza chitafika, anapita ndi nsalu ija kwa telala wamkazi wa kuseri kwa tchalitchi. Linatuluka diresi lalitali, la manja aatali, la mabatani asanu okutidwa ndi nsalu yomweyo. Zotsatira za mayeso zinabwera mu Julaye, Febronia atakhoza, ndipo mwambo wolandira madigiri anauika Lachinayi lina m'mwezi wa Ogasiti.

Masana ena, anthu atagona chifukwa cha kutentha, ndinamva phokoso lachilendo padenga ndipo nkhunda zonse zinauluka. Nditasuzumira ndinapeza Rifka ataima yekha pakati pa matabwa a mikate, dzanja pakamwa, akuyeserera nthungululu. Inkatuluka ngati nkhuku ya chitopa.

"Rifka, nkhundazo zakulakwira chiyani?"

"Lilime lachita dzimbiri, alamu. Zaka khumi ndi zisanu si masewera. Tandionetsani, inu ndinu akatswiri."

Sindinamuonetse, koma ndinaseka mpaka misozi, iyenso chimodzimodzi. Tikuseka choncho anandiuza kuti wophunzira aliyense amupatsa mipando iwiri ya makolo. Umodzi unali wake. Winawo, umene ukanakhala wa Zakhari, anati ukhale wanga, chifukwa ndine magazi a bambo ake a mwana. Ndinayankha kuti ndiona ngati miyendo indilola. Tsiku lomwelo ndinatulutsa nsapato zanga za kutchalitchi n'kuzipukuta.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kutatsala masiku khumi ndi asanu ndi anayi, Labib anagwa pampando kumalo omwera tiyi, ali ndi tizidutswa ta masewera a domino m'manja, ndipo sanadzukenso. Sindinama, Labib sanali mwamuna woti munthu n'kumulira kwambiri. Dzanja lake linali lolemera ndipo mawu okoma ankasungira anzake a domino. Koma mwamuna ndi mwamuna. Tinamuika tsiku lomwelo, ndinayala mphasa, ndipo masiku makumi anayi anayamba. M'masiku amenewo akazi onse a pamtundu amakhala ndi namfedwa. Palibe wopita ku ukwati kapena ku ubatizo, wailesi siyatsidwa, ndipo m'nyumba za abale simuphikidwa zotsekemera.

Rifka ndiye anali woyamba kufika. Anaphikira alendo kunyumba kwake masiku atatu oyamba, anatsuka makapu, anakhala kumanja kwanga m'mawa ndi madzulo. Za Asyut sanatchule, koma ndinkaona milomo yake ikuwerenga masiku. Ndinamva kuti anapita kwa wansembe wathu, Abuna Bakhum, ndipo iwo anamuuza kuti apite, tchalitchi sichiletsa, ndipo Labib sapindula kanthu mayi akalephera kuona mwana wake. Koma Abuna anakulira m'tauni, ndipo Rifka ankadziwa kuti m'mudzi muno nkhani zoterezi sagamula ndi wansembe. Lachiwiri masana, chipinda chitadzaza amayi, anasendera pafupi n'kundinong'oneza.

"Alamu, mkuja ndi tsiku la mwana uja. Ndimati ndipite m'mamawa, pofika madzulo ndidzakhala nditabwera. Ndipita ndi zakudazi. Nthungululu sindikaimba, ndikangomuona basi."

Ndikanatha kungogwedeza mutu. Palibe akanadziwa mpaka Lachinayi, ndipo ine ndikanati ndamutuma, nkhani ikanathera pomwepo, chifukwa mwambo m'mudzi muno umatuluka pakamwa panga. Koma nthawi yomweyo mpongozi wanga anadutsa ndi thireyi ya khofi, nkhope atakwinya monga mwa masiku onse, ndipo ndinakumbukira bokosi la maswiti. Iye ananong'ona, ine ndinakweza mawu.

"Pita, Rifka. Ukundipempha ine ngati ndani? Pita ukavine. Labib anali ndani kwa iwe? Kungoti Zakhari atamwalira ine ndinakhala pamphasa pako masiku makumi anayi, tirigu wanga akuthothokera m'munda. Koma izo n'zakale. Zoti maliro n'kulirana ankanena ndi makolo, a masiku ano ali ndi madigiri."

 Amayi onse anamuyang'ana Rifka. Iye anaweramitsa mutu, nayang'ana zipsera za pamikono yake, ndipo anati, "Ndamva, alamu." Anadzuka n'kukatolera makapu.

Lachitatu ndinamumva padenga akuyankhula pafoni ndi Febronia, amene anali kale ku Asyut. Mwana ankalira moti mawu ake ankamveka kwa ine. Pamapeto anagwirizana kuti mnzake wa Febronia adzaimba foni mayina akayandikira, kuti mayi amve dzina la mwana wawo likutchulidwa. Ndinamva zonse, ndipo ndinapitiriza kuyanika zovala.

Lachinayi kunatentha moti makoma ankaotcha. Rifka anafika m'mawa, nakhala pamalo pake kumanja kwanga. Thukuta linkangoyenderera pankhope pake, kupuma kwake kunali kwa befu, ndipo ndinaganiza kuti wadwala. Cha m'ma 11 koloko foni inayamba kunjenjemera pachifuwa pake, pamene ankaisunga. Belu anali atazimitsa, koma ine amene ndinagundana naye phewa ndinaimva. Anaika dzanja pachifuwa n'kundiyang'ana. Masitepe okwera padenga panga anali pomwepo, mapazi anayi kuchokera pamphasa. Panafunika mawu awiri okha, kwera padenga. Ine ndinayang'ana khoma mpaka foni inaleka.

Inayambanso kachiwiri. Rifka anaifinya ndi dzanja lonse ngati akutseka pakamwa pa mwana, ndipo posuntha miyendo chovala chake chakuda chinakwera pang'ono. Pansi pake, pamwamba pa akakolo, panatuluka mpendero wobiriwira, wotambalala ngati zala ziwiri. Anali atavala diresi lija mkati, pa kutentha konse kuja. Palibe wina anaona. Iye anaona kuti ndaona, nakokera chakuda chija pansi mofulumira, nkhope yake ngati ya mwana wogwidwa ndi shuga m'manja.

Chimene ndinachita ndimachiganizabe mpaka lero. Ndinayambitsa nyimbo ya maliro. Ndinatchula Labib, mzati wa nyumba, mthunzi wanga, mawu amene sindinamuuzepo ali moyo, ndipo amayi onse anapolokezana nane. Foni inanjenjemera kachitatu mkati mwa kulira kumeneko. Rifka analira nafe, ndipo amayi pambuyo pake anamuyamikira kuti anamulira mlamu wake kuposa aliyense.

Febronia anabwera Loweruka atavala zakuda monga kuyenera. Anafika kwa ine poyamba, anandipepesa maliro ndi mawu onse oyenera, dzanja lake lili lozizira. Kwa mayi ake anapereka digiri ndi chithunzi. Pachithunzipo anali atavala gauni ndi chipewa, ndipo paphewa pake panali dzanja la mphete zagolide la mayi wa mnzake, amene anamumvera chisoni poona mipando iwiri yopanda anthu. Madzulo dzuwa lisanalowe anakwera padenga awiriwo.

"Foni yokha, amayi. Katatu konse. Ine ndinaima pamzere ndikuyang'ana mnzanga, iye akungopukusa mutu."

"Ndinali pamaliro, mwanawe."

"Pa nkhani ya Ayad munawakana azakhali maso ndi maso. Pa tsiku langa ndiye munasowa pakamwa? Zaka zonsezi mumandiuza za tsiku limeneli, ine n'kumakhulupirira."

 Ndinangomva Rifka akukokola phulusa mu uvuni.

Febronia anapeza ntchito m'sitolo ya mankhwala ku Cairo. Sanali mwana woipa. Ankatumiza mapiritsi a kuthamanga kwa magazi mwezi uliwonse, atalemba dzuwa pa a m'mawa ndi mwezi pa a madzulo. Ankabwera pa Khirisimasi ndi pa Pasaka. Koma chidebe chija sanakhalenso, ndipo foni zake zinali zazifupi, za mwadzuka bwanji, mwamwa mankhwala, tsalani bwino. Rifka anapachika chithunzi chija pambali pa Maria Virigo ndipo ankachipukuta tsiku lililonse, pamodzi ndi dzanja la mayi wachilendoyo.

Chaka cha Labib chitakwana, titachita Misa ya chikumbutso, ndinapita kwa Rifka. Ndinadutsa pakhomo lenileni, osati pa kachipupa. Kupepesa sindidziwa, sindinaphunzire, choncho ndinapita ngati mwini mwambo. Ndinamuuza kuti chaka chatha, lonjezo lake lakwana, mwana anavala chipewa, tsopano avule zakudazo Lamulungu likubwerali ndipo aliyense wofuna kuyankhula adzayankhule ndi ine.

"Ndivulire chiyani, alamu?" anatero uku akusefa ufa. "Tsiku lake linali lija. Munthu savala zobiriwira chifukwa choti kwacha Lamulungu."

Ndinamufunsa mokalipa kuti nanga anandimveranji, pamene Abuna anali atamuloleza, pamene miyendo anali nayo. Ndinkafuna kuti mlandu tigawane. Anaika sefa pansi.

"Ndinakukanani kamodzi, mutanyamula maswiti anthu akuona. Sindikanatha kukukanani kawiri, inu muli pamphasa. Komanso munanena zoona, munakhala nane masiku makumi anayi." Kenako anawonjezera motsitsa mawu. "Zija munaona zija, musauze munthu. Ndinakulakwirani kulowa nazo pamaliro a amuna anu. Mundikhululukire."

Anandipepesa ine. Ndipo ine, Wadida, ndinati ndamukhululukira, ndinalandira mikate iwiri imene anandipatsa, n'kutuluka. Pempho lake lija loti ndisauze munthu ndinabisalamo zaka ziwiri zina. Febronia akabwera pa Pasaka n'kukhala ndi mayi ake ngati mlendo, ndinkadziuza kuti ndikusunga chinsinsi cha Rifka. Zoona zake n'zoti sindikanatha kunena za mpendero uja popanda kunena kuti ndinauona, ndipo nditauona ndinayambitsa nyimbo.

Rifka anagwa pambali pa uvuni yake masana ena a mwezi wa Juni, zaka zitatu zisanakwane chichitikire mwambo uja. Ndinamuona ndine, pa kachipupa, mikate itafufuma mpaka kusefukira pamatabwa. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu. Febronia anafika kuchokera ku Cairo bokosi lili kale m'tchalitchi. Sanalire mokweza. Amayi ananong'onezana kuti sukulu imaumitsa mtima.

Pa tsiku lachitatu Abuna Bakhum anabwera kudzapemphera m'nyumba ndi kuwaza madzi, ndipo atachoka, ine ndi Febronia tinalowa kuchipinda kukasankha zovala zopatsa osauka. Anatsegula bokosi. Zakuda, zakuda, zakuda, zina zitayera m'mapewa chifukwa cha dzuwa la padenga. Pansi penipeni panali pepala lija. Analitulutsa n'kutambasula diresi, akufuna kungolipinda n'kuliika pambali, koma manja ake anaima.

Diresilo silinali latsopano. Kumsana konse ndi m'khwapa munali mizere yoyera ya mchere wa thukuta louma, mzere pamwamba pa mzere. Kumbuyo linali ndi makwinya a munthu amene wakhala pansi nthawi yaitali, ndipo mpendero unali ndi fumbi. Rifka, amene ankachapa ngakhale zisanza za uvuni, sanalichape.

Febronia analitembenuza kawiri. Kenako anandiyang'ana.

"Azakhali, diresi ili amayi analivala liti?"

Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. Wodziwa wina anali m'manda. Koma pakamwa panga panatseguka pokha, ndipo ndinamuuza zonse, kuyambira Lachiwiri lija. Ndinamuuza za mpendero, za dzanja pachifuwa, za masitepe amene anali mapazi anayi kuchokera pamphasa, ndi za nyimbo imene ndinayambitsa. Sindinasiye kanthu. Iye anamvetsera ataika diresi pamiyendo, chala chake chikutsata mzere umodzi wa mchere.

"Ndiye kuti anali atavala pamene foni inkalira," anatero.

"Anali atavala kuyambira m'mawa."

"Ine pa Pasaka anandipempha kuti ndikhaleko tsiku limodzi lina, ndinati kuntchito sandilola. Kuntchito akanandilola." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. "Zaka zitatu, azakhali, khoma lili limodzi. Mukanandiuza ali moyo."

Ndinafufuza m'mutu mwanga, ine wodziwa miyambo yonse ya m'mudzi muno, kuti pamenepo munthu amayankha chiyani, ndipo sindinapeze. Febronia anapinda diresi lija osalikutumula fumbi, naliika m'chikwama chake.